Makina Ochapira Akafa: Tiitane Mmisiri Kapena Tikonze Tokha?

Pali nkhani ina imene poyamba tidaiyesa yaing'ono, yosayenera kulembedwa pa tsamba lino, koma tsopano taona kuti tikapitiriza kukhala chete tiwalakwira owerenga athu. Nkhaniyi ndi ya makina ochapira zovala. Tikudziwa bwino lomwe kuti anthu ambiri m'dziko muno amachapa ndi manja, ena kudambo, ena pamjigo, ena m'beseni kuseri kwa nyumba. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 adaonetsa kuti mabanja ounikira ndi magetsi adali pafupifupi 11 okha pa 100 alionse, ndipo mwa ochepawo si onse amene angakwanitse kugula makina otere. Koma pakati pa amene ali nawo pali ambiri a inu akuluakulu a m'maofesi ndi inu aphunzitsi, ndipo zimene mumachita m'nyumba zanu anthu amene mumawatsogolera amatengera.

Tsiku la mavuto kawirikawiri limakhala Loweruka. Mayi waika mayunifolomu a ana pamodzi ndi malaya a bambo a ku ntchito, makina ayenda pang'ono, kenaka aima, madzi ali tho m'kati, chitseko chakana kutseguka. Pamenepo m'nyumba mumabuka funso lakuti, kodi tiitane mmisiri kapena tikonze tokha? Ife taona kuti pa funso limeneli anthu ophunzira amalakwa m'njira ziwiri, ndipo njira ziwirizo, ngakhale zimaoneka zosiyana, muzu wake ndi umodzi, ndiwo kunyada.

Woyamba ndi bambo amene amaona kuti kugwada pansi ndi sipanala m'manja n'kudzichotsera ulemu. Iye adaphunzira kuti azigwira cholembera, tsono chilichonse chokhala ndi mafuta kapena matope n'cha anthu ena. Tisabise, ife tomwe tidagwapo mu mbuna imeneyi. Makina athu ataima tidadikira mmisiri masiku anayi, zovala zikununkha m'madzi. Atafika sadatsegule n'komwe bokosi lake la zida. Adapempha beseni ndi chisanza, adagwada, napotokola kachivindikiro ka m'munsi, ndipo m'menemo mudatuluka khobidi la K10, batani la malaya ndi kapini ka m'tsitsi. Adatiyang'ana nati, "Bwana, matenda ake ndi amenewa basi." Tidalipira ulendo wake ndi ntchito yake, ndipo sitidamuimbe mlandu, pakuti olakwa tidali ife amene buku la makinawo tidalitaya pamodzi ndi katoni tsiku lomwe tidawagula.

Kuti timvane bwino, tiyambe taona m'mene makinawa adapangidwira. Makina oyamba a m'nyumba ochapa, kutsukuluza ndi kufinya okha adayamba kugulitsidwa ku America m'chaka cha 1937 ndi kampani ya Bendix, ndipo ngakhale a masiku ano ali ndi timagetsi ndi manambala ambiri, ntchito yake sidasinthe. M'kati mwake muli njira ziwiri. Pali njira ya madzi: amalowa ndi paipi yochokera ku mpopi, amadutsa pa kasefa, amatenga sopo, amafika mu mgolo wa zovala, ndipo pomaliza pampu imawakankhira kunja. Palinso njira ya magetsi: amalowa ndi pulagi, amafika pa kabolodi kolamulira ntchito yonse, ndipo kuchoka apo amapita ku mota yozungulitsa mgolo, ku pampu, ku loko wa chitseko ndi ku chitsulo chotenthetsa madzi. Maganizo athu ndi akuti malire a pakati pa mwini nyumba ndi mmisiri ali pomwepa. Njira ya madzi, paliponse pamene munthu angafike osamasula chivindikiro cha kumbuyo kapena cha pamwamba, ndi ya mwini nyumba. Njira ya magetsi ndi ya munthu amene adaiphunzira.

Ntchito ya mwini nyumba imayamba ndi zinthu ziwiri zimene siziyenera kuiwalika: kuzula pulagi ku khoma ndi kutseka mpopi. Tikuti kuzula, chifukwa kuzimitsa pa switchi pokha n'kosakwanira. Pali nyumba zambiri zimene mawaya ake adaikidwa mopotoza, kotero kuti switchi ikazimitsidwa moto umakhalabe uli m'makina. Zikachitika ziwirizi, munthu ayambe wafufuza zapafupi. Alumikize wailesi pa soketi yomweyo kuti aone ngati pali magetsi. Aone ngati mpopi uli ndi madzi, pakuti makina ochapa okha amafuna madzi othamanga ndithu, ndipo akamangodontha makinawo amadikira, kenaka amaima ndi kuonetsa nambala. Tanthauzo la nambalayo lili m'buku lija.

Makina akamakana kutaya madzi, malo oyamba kukayikira ndi sefa ya pampu. Pa makina a chitseko cha kutsogolo sefayi imakhala m'munsi, kuseri kwa kachitseko kakang'ono. Dikirani madzi azizire ngati adali otentha, yalani chisanza, ikani beseni lalifupi, ndipo potokolani chivindikiro pang'onopang'ono, chifukwa madzi onse a mu mgolo atulukira pomwepo. Makina ena ali ndi kapaipi pambali pake kotayira madziwo poyamba. Chotsani makobidi, ulusi, mabatani, misomali ndi timitengo ta machesi, zungulitsani ndi chala timapiko ta pampu kuti muone ngati tikuyenda, kenaka bwezerani chivindikiro molimba. Madzi akatuluka chitseko chimavomera chokha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Ambiri sadikira mphindi zimenezi, amakoka ndi mphamvu, chogwirira n'kuthyoka, ndipo vuto limene lidali laulere limasanduka logula.

Makina akamachedwa kudzaza, tsekani mpopi, masulani paipi kumbuyo, ndipo pakamwa pamene imalowera mupeza kasefa konga kachipewa. Kasefa aka kamatsekeka ndi mchenga, makamaka nthawi ya dzinja, kapena madzi akabweranso atasowa masiku angapo, ngakhalenso kwa amene amatunga m'thanki ya madzi a pachitsime. Kasololeni mosamala ndi pulayasi, katsukeni ndi mswachi wakale, n'kukabwezera. Onaninso paipi yotayira madzi ngati yapindika kuseri kwa makina, kapena ngati yagwa pansi kotero kuti madzi akungotuluka pamene akulowa.

Kuvina kwa makina pofinya nakonso kumaopsa anthu pachabe. Makina ali ndi miyendo inayi yopotokola, ndipo umodzi ukapanda kuponda pansi amagwedezeka mpaka kuchoka pa malo pake. Bulangeti limodzi lonyowa likaunjikana mbali imodzi ya mgolo limachititsa zomwezo. Makina atsopano amabwera ndi mabawuti atatu kapena anayi kumbuyo ogwira mgolo pa ulendo, ndipo amenewa ayenera kuchotsedwa asanachape koyamba. Tamvapo za anthu amene adabweza makina abwinobwino kusitolo chifukwa cha mabawuti amenewa. Za sopo tingonena mwachidule: sopo waufa wochapira ndi manja amachita thovu lambiri, ndipo m'makina a chitseko cha kutsogolo thovulo limalepheretsa pampu kukoka madzi. Mankhwala ake n'kugula sopo woyenera ndi kuchepetsa muyeso. Zonsezi sizifuna satifiketi. Zimangofuna maso, kudekha ndi kusaopa kudetsa mawondo a buluku.

Pali chinthu chimodzi chimene chili pa malire penipeni, ndicho lamba wolumikiza mota ndi mgolo. Mota ikamamveka kulira koma mgolo osazungulira, kawirikawiri lamba waduka kapena wavuka. Munthu wa manja ozolowera, amene adakonzapo njinga kapena makina osokera, akhoza kumuika, malinga pulagi ili kunja ndipo nthawi ya galanti idatha. Nambala ya lambayo imalembedwa pa iye mwini, ndipo ndiyo yopita nayo kogula. Koma amene wamasula chivindikiro cha kumbuyo adziwe kuti walowa m'munda wa eni ake, ndipo dzanja lake lisapatuke kupita pamene pali waya. Makina ena atsopano alibe lamba konse, mota yake idamangidwa ku mgolo kwenikweniko.

Tsono tifike kwa bambo wachiwiri, amene ndi woopsa kuposa woyamba. Uyu amati poti adakhoza sayansi ku sekondale, kapena poti waona munthu akukonza pa kanema wa m'foni, palibe chimene chingamukanike. Mayi akati, "Abambo, bwanji tingoitana wodziwa?" iye amayankha kuti ndalama sizithyoledwa mu mtengo. Amamasula zonse, amadula apa, amalumikiza apo, amakulunga ndi pulasitiki, ndipo pobwezera pamatsala masikuluwu awiri ndi kawaya kamodzi kamene sakudziwa kumene kadachokera.

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mphamvu ya mavolti 230. Chitsulo chotenthetsa madzi chokha chimadya mawati pafupifupi 2,000, ndiko kuti chimakoka maampu pafupifupi 9. Koma kuti mtima wa munthu usokonezeke mpaka kuima sipafunika ngakhale ampu imodzi. Gawo limodzi mwa magawo 20 a ampu, likadutsa pachifuwa, likhoza kupha. Khungu louma limatchinjiriza pang'ono, koma lonyowa ndi madzi a sopo silitchinjiriza kanthu. Ndipo mwa ziwiya zonse za m'nyumba palibe china chimene chimasonkhanitsa magetsi, madzi, chitsulo ndi manja a munthu pa malo amodzi monga makina ochapira.

Chimene chimateteza wochapa ndi waya mmodzi. M'chingwe cha makina muli mawaya atatu. Wa bulauni ndiye wonyamula moto, wa buluu ndiye wobwerera, ndipo wa mizere yobiriwira ndi yachikasu ndiye amene amisiri amamutcha ethi. M'zingwe zakale mitundu yake idali wofiira, wakuda ndi wobiriwira. Waya wa ethi amamangidwa ku thupi lachitsulo la makina. Waya wa moto akanyuka nakhudza chitsulocho, kapena chotenthetsa madzi chikabooka, magetsi amathawira mu ethi, fyuzi imapsa kapena switchi yaikulu imagwa, ndipo munthu amapulumuka. Choipa chake n'chakuti makina amayenda bwinobwino ngakhale waya ameneyu atasiyidwa ali lende. Motero bambo uja amayatsa, mgolo umazungulira, iye amapukuta manja nauza banja lonse kuti lero wapulumutsa ndalama. Lolemba amavala tayi napita ku ofesi.

Apa mpamene pali mtima wa nkhani yathu, ndipo tikupempha owerenga aime pang'ono. Amene wakonza makina si amene amachapa. Amene amachapa ndi mayi wa m'nyumba, kapena mtsikana wantchito, kapena mwana wa mlongo wanu amene mudamutenga kumudzi kuti muzimuphunzitsa. Ameneyu amaima pa simenti yonyowa wopanda nsapato, manja ali thovu lokhalokha, dzanja limodzi pa makina, lina pa mpopi wachitsulo. Sadafunsidwe pamene makina amatsegulidwa, sadziwa kuti m'katimo muli kawaya kotsala, ndipo akamva kunyerenyetsa pokhudza chitsulo amaopa kunena, kuti angamuti ndiye wawononga katundu wa bwana. Munthu ali ndi ufulu woika moyo wake pachiswe ngati afuna, koma ufulu woika pachiswe moyo wa mwana wa eni alibe. Ndalama zimene wapulumutsa Loweruka sizingagule bokosi, sizinganyamule maliro kupita kumudzi, ndipo sizingayankhe mafunso a eni mbumba.

Vuto la ethi limayambiranso pa pulagi. Masoketi a m'dziko muno ndi a mtundu wa ku Britain, a mano atatu a ngodya, ndipo m'kati mwa pulagi mumakhala fyuzi, imene pa makina ochapira iyenera kukhala ya maampu 13. Koma makina ambiri amabwera kuchokera ku South Africa, ena ogula m'masitolo, ena otumizidwa ndi abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo pulagi ya kumeneko ndi ya mano obulungira, yopanda fyuzi. Ena amagula adaputala yotchipa imene dzino lake lachitatu ndi la pulasitiki, ethi n'kuthera pomwepo. Ena amadula pulagi, nalowetsa mawaya awiri osavala mu soketi, n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Ena fyuzi ikapsa amaikapo msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi ikapsa kawiri motsatizana ikukuuzani kuti m'makina muli vuto. Kuikapo msomali kuli ngati kumanga pakamwa galu amene akuuwa mbala. Kuika pulagi yoyenera ndi ntchito imene munthu aliyense wophunzira ayenera kuidziwa ndi kuichita molondola, mawaya onse atatu pa malo pake. Amene sakudziwa afunse, pajatu safunsa adadya phula. Tikumbutsenso amene ali ndi abale ku America kuti makina a kumeneko ndi a mavolti 120, ndipo kuwalumikiza pa soketi yathu n'kuwaotcha.

Pali zinanso m'katimo zimene maso saona. Mota za makina a migolo iwiri, ndi za makina ena ambiri, zimayendera kapasita, kachitini kosunga magetsi, ndipo kachitini aka kakhoza kumenya munthu ngakhale pulagi itazulidwa kale. Mmisiri amadziwa kukakhuthula asanakagwire. Loko wa chitseko naye si wokongoletsa. Pofinya, mgolo umazungulira maulendo 1,000 mpaka 1,400 pa mphindi imodzi m'makina ambiri a masiku ano, ndipo loko alipo kuti dzanja lisalowe. Pa makina a migolo iwiri ntchito imeneyi imagwiridwa ndi switchi ndi buleki ya pa chivindikiro cha mgolo wofinyira. Zimenezi zikafa, okonza okha amakonda kulumikiza mawaya molambalala kuti makina aziyenda chivindikiro chili chotsegula, osaganiza kuti m'nyumba muli ana.

Makina akamalira ngati ndege ikunyamuka, ndipo pansi pake pakumaoneka madzi adzimbiri, ndiye kuti mabering'i, timipira tachitsulo timene mgolo umazungulirapo, atha. Iyi si ntchito ya magetsi, komabe si ya mwini nyumba. Makina a chitseko cha kutsogolo amalemera makilogalamu 60 kapena kupitirira, chifukwa m'kati adamangiriramo zibuma za konkire zoletsa kugwedezeka, ndipo mgolo umalendewera pa masipuling'i olimba. Kuti mabering'i afikiridwe zonsezi zimatuluka. M'makina ambiri atsopano mgolo wakunja udamatidwa osatheka kugawa pakati, kotero kuti pamafunika kugula mgolo wonse.

Malire amene tikunenawa si maganizo a ife tokha. Maiko a mu mgwirizano wa European Union adayamba kutsata lamulo pa 1 Malichi 2021 lokakamiza opanga makina ochapira kuti azisunga zipangizo zake kwa zaka 10 kuchokera pamene aleka kugulitsa mtundu wina wa makina, ndipo dziko la Britain lidachita chimodzimodzi mu Julayi chaka chomwecho. Chotichititsa chidwi n'chakuti lamulolo lidagawa zipangizo pawiri. Chitseko, mahinjesi ake, mphira wa m'mbali mwake, loko ndi kabokosi ka sopo ziyenera kupezeka kwa munthu aliyense. Koma mota, pampu, chotenthetsa madzi, mabering'i ndi kabolodi ka magetsi, opanga amakakamizidwa kuzipereka kwa amisiri okha. Ena kumeneko amadandaula kuti lamuloli lidachepetsa ufulu wa ogula, ndipo pa zina ali ndi mfundo. Komabe tikuona kuti ngakhale kumene nyumba zambiri zili ndi ethi yabwino ndi switchi yodzigwetsa yokha, opanga malamulo sadaone kuti n'kwanzeru kuti aliyense azigwira paliponse.

Tsono tikati itanani mmisiri, tikunena mmisiri uti? Sitingabise kuti anthu ena amakonza okha chifukwa adapsapo. Alipo onyamula thumba la zida amene sadziwa kanthu kuposa mwini makina, ongoyesa ichi ndi icho pa ndalama zanu. Alipo ochotsa chipangizo chabwino n'kuikapo chakutha. Alipo otenga makina kupita nawo kwawo, miyezi n'kumapita, foni osayankha. Koma njoka ikakuluma suleka kuyenda m'njira, umangoyamba kuyang'ana poponda. Mmisiri weniweni amadziwika. Amayamba ndi kufunsa chimene chidachitika, amabwera ndi mita yoyezera magetsi, amayeza asanamasule, amatchula chimene chafa ndi mtengo wake asanagule kanthu, ndipo akamaliza amayeza ethi. Sakwiya mukamufunsa kumene adaphunzira. Dziko lino lili ndi sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuchokera m'chaka cha 1999 maphunziro amenewa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Amisiri ambiri ali ndi satifiketi ya Trade Test, imene giredi yake yoyambira ndi 3 ndipo yapamwamba ndi 1. Ena adaphunzirira pamanja pa amisiri akale ku Ndirande kapena ku Limbe ndipo ntchito yawo ndi yotamandika; amenewa umboni wawo ndi anthu amene adawakonzerapo. Funsani anansi anu.

Vuto likakhala m'mawaya a nyumba, osati m'makina, nkhani imasintha. Ntchito imeneyo ndi ya munthu wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2004. Inu okhala m'nyumba za boma ndi za sukulu musakumbe khoma kapena kuonjezera soketi mwa inu nokha. Dziwitsani oyang'anira nyumbazo. Ndipo pamene wa chiphaso wabwera, mupempheni aone ngati nyumba ili ndi switchi yodzigwetsa yokha magetsi akayamba kuthawira pambali, imene imagwa pa mamiliampu 30. Switchi yotere ili ndi batani loyesera, ndipo n'kwabwino kumalidina nthawi ndi nthawi.

Mmisiri akapezeka, nafenso tili ndi mbali yathu. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe. Chipangizo chakale chitsale m'manja mwanu, ndipo cha chatsopano muone lisiti. Ngati makina akadali pa galanti, musalole aliyense kuwamasula kupatula amene sitolo yakutumizirani, chifukwa akamasulidwa ndi wina galantiyo imatha. Koma koposa zonse, lipirani. N'zomvetsa chisoni kuona mkulu wa pa ofesi, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, akukangana ndi mnyamata amene wakwera minibasi ziwiri, namuuza kuti, "Wangogwira mphindi khumi zokha, ubwere mawa." Mphindi khumizo zidatenga zaka kuti aziphunzire. Dokotala akapeza matenda msanga sitimuchepetsera ulemu chifukwa cha changu chake. Khalidwe lozengereza kulipira ndilo limathamangitsa amisiri abwino m'makomo mwathu, n'kutisiyira aja ongoyesa.

Nthawi zina yankho loona n'lakuti makina asakonzedwe, ndipo mmisiri wokhulupirika amanena zimenezi ngakhale zikumuchotsera ntchito. Ife tikuona kuti makina akakalamba, ndipo mtengo wokonzera ukapitirira theka la mtengo wa atsopano, kukonza n'kuthira madzi m'dengu. Koma tisafulumire kutaya. Makina ndi zipangizo zake zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, zimene dziko limazipeza movutikira. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo katundu yense wotere adakwera mtengo. Makina amene akonzedwa bwino n'kuyendanso zaka zisanu athandiza banja, apatsa mmisiri chakudya, ndiponso asungira dziko ndalama. Pa chifukwa chomwechi, nzeru ziyambire kusitolo. Musanagule funsani ngati zipangizo za makinawo zimapezeka m'dziko muno. Kwa mphunzitsi wa pa sukulu imene ili ndi magetsi koma madzi ndi a pamjigo, makina a migolo iwiri ndiwo oyenera: amathiridwa madzi ndi ndowa, nthawi amawerengera ndi kachipangizo kopotokola ndi dzanja, ndipo alibe kabolodi kodula. Kungoti pothira madzi asamadonthere pa mabatani.

Kabolodi tatchulaka ndiko kamene kamafa msanga magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu. Chizolowezi chozula pulagi magetsi akazima, ndiponso nthawi ya ziphaliwali, n'chaulere. Makoswe ndi mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina. Makoswe amatafuna mawaya ndi mapaipi, choncho malo oikapo makina akhale aukhondo ndi ouma.

Kwa inu aphunzitsi tili ndi pempho lapadera. Chiyambire pamene malo opangira magetsi a Nkula pa mtsinje wa Shire adatsegulidwa m'chaka cha 1966, mawaya akhala akufalikira m'matauni ndi m'malo ochitira malonda, ndipo paliponse pamene afika pamafunika anthu odziwa kuwasamala. Komabe timamvabe aphunzitsi ena akuopseza ana kuti akalephera mayeso adzathera ku sukulu ya ntchito zamanja, ngati kuti kumeneko ndi kudzala. Mwana womva mau otere akakula amasanduka mmodzi wa abambo awiri aja: wonyoza sipanala, kapena woyesa kuti ntchito ya mmisiri ilibe nzeru zofunika kuphunzira. Bweretsani pulagi m'kalasi, imasuleni, ana aone mawaya atatu ndi fyuzi, anyamata ndi atsikana omwe, makamaka atsikana, pakuti ndiwo amene amatumidwa kuchapa. Ku Amsterdam m'chaka cha 2009 mtolankhani Martine Postma adayambitsa misonkhano yotchedwa Repair Café, kumene anthu amabweretsa ziwiya zakufa n'kuzikonza pamodzi ndi odziwa ntchito. Holo ya sukulu, Loweruka limodzi pa teremu, ndi mmisiri mmodzi wa m'deralo woitanidwa mwaulemu ndi kupatsidwa kangachepe, zingakwanire kuchita zomwezo kuno.

Chotsala ndi cha lero lomwe. Itanani amene amachapa m'nyumba mwanu, mumuonetse pamene pali switchi yaikulu ya nyumba ndi m'mene amaizimitsira. Muuzeni kuti azichapa atavala nsapato za mphira, ndi kuti asagwire pulagi ndi manja onyowa. Muuzeni kuti munthu akagwidwa ndi magetsi sakokedwa ndi manja. Choyamba n'kuzimitsa switchi yaikulu, ndipo ngati ili kutali amakankhidwa ndi mtengo wouma monga mpini wa tsache, kenaka n'kuthamangira naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Ndipo mumuuze momveka, mayi ndi ana akumva, kuti tsiku limene adzamve kunyerenyetsa pokhudza makina, kapena fungo la waya wopsa, adzazimitse switchi yaikulu, adzasiye zovalazo momwemo, ndipo palibe amene adzamudule malipiro kapena kumukalipira chifukwa malaya a bwana sadaume.